Andrew Foster, Mphunzitsi Wogontha wa Ana Ogontha a mu Africa

Dzina la Andrew Foster silimveka kawirikawiri kuno kwathu kwa Zingalume, ngakhale m'boma lonse la Chadiza. Koma mutapita ku Ghana, ku Nigeria kapena ku Congo n'kukafunsa anthu ogontha amene anapita kusukulu kuti anawalambulira njira ndani, ambiri angakuuzeni za bambo ameneyu, ndipo angakuuzeni ndi manja. Anali munthu wakuda wa ku America, mwana wa munthu wokumba malasha, ndiponso wogontha iye mwini. Pa zaka 30 zimene anagwira ntchito mu Africa anatsegula sukulu za ana ogontha zoposa 30 m'maiko 13. Chiwerengero chimenechi n'chachikulu ndithu, koma chimene tikufuna kuti muchione bwino m'moyo wake ndi mmene munthu wogontha amakhalira pakati pa anthu akumva tsiku ndi tsiku, kuyambira pakhomo pa makolo ake mpaka mu ofesi ya boma.

Tiyambe takonza mawu. M'chinenero chathu tikati mwana uyu ndi wosamva, tikhoza kutanthauza kuti makutu ake sagwira ntchito, kapena kuti ndi wamwano, wosamvera makolo. Mawu amodzi, milandu iwiri. Ndi ana angati alawa mkwapulo chifukwa anaitanidwa katatu osatembenuka, pamene vuto linali m'khutu? Choncho m'nkhani ino tizinena kuti wogontha, monga mmene Buku Lopatulika limanenera. Maina ena aja amene ana amakuwa nawo m'njira inu mukuwadziwa, ndipo sitiwalemba pano.

Andrew Jackson Foster anabadwa pa 27 June 1925 ku Ensley, dera la mafakitale a zitsulo mumzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama. Anabadwa akumva bwinobwino, ndipo anaphunzira kulankhula ngati mwana wina aliyense. Ali ndi zaka 11 anadwala matenda oumitsa khosi, iye pamodzi ndi mng'ono wake Edward. Onse awiri anachira, koma onse awiri anadzuka ali ogontha. Matenda amenewa si achilendo kwa inu. Alipo mpaka lero, ndipo pamodzi ndi chikuku, malungo aakulu ndi mafinya a m'khutu osachiritsidwa msanga, amagonthetsa ana ambiri amene anabadwa akumva. Mayi akaona mwana watentha thupi, khosi lauma, akudana ndi kuwala, asadikire kuti kuche.

Taganizirani za mnyamata wa zaka 11 amene wabwerera pakati pa abale ake atachira chotere. Nyumba ndi yomweyo, mayi ndi omwewo. Anthu akudya, wina wanena kanthu, onse afa nacho chiseko. Iye ayang'ana nkhope iyi, ayang'ana iyo, afunsa kuti kwagwanji, ndipo amuyankha kuti adzamuuza nthawi ina, kapena kuti si nkhani yofunika. Ogontha a m'maiko ambiri amafotokoza chinthu chomwechi ngati anapangana: mbale ili patsogolo pawo, koma m'macheza mulibe malo awo. Ofufuza anapeza kuti pa ana 10 aliwonse ogontha, pafupifupi 9 amabadwira kwa makolo akumva. Ndiye kuti kawirikawiri mwana wogontha amakhala ngati mlendo m'nyumba ya mayi ake omubereka.

Kuno kwathu zimafika poposa apa, chifukwa moyo wa kumudzi umayendera khutu. Maliro timawadziwa ndi mfuu ya usiku. Nthawi ya mapemphero timaidziwa ndi belu. Msonkhano wa anyakwawa umalengezedwa pakamwa, ndipo za feteleza, za katemera ndi za mtengo wa chimanga timazimvera pa wailesi kapena pa mjigo. Nkhani zokoma zonse, nthano, zilapi, za ukwati wa mwana wa uje, zimabwera dzuwa litalowa, anthu atakhala pabwalo mumdima. Munthu wogontha amamvera m'maso. Mdima ukagwa, kwa iye anthu onse atseka pakamwa. Ndiye m'mawa mwake timamunena kuti ndi wodzikonda chifukwa sanaoneke pamaliro, pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukamugwira paphewa n'kumusonyeza kumene kwagwa zovuta.

Mwina wina anganene kuti, nanga si amawerenga milomo? Ena amatero, makamaka amene anagontha atadziwa kale kulankhula, monga Andrew. Koma yesani izi pa msonkhano wanu wotsatira. Mayi mmodzi aime patsogolo, atchule popanda kutulutsa mawu kuti bambo, kenaka mambo. Bowa, kenaka mowa. Pamilomo n'chimodzimodzi. Munthu woitanidwa kudzadya bowa akhoza kupita kwawo akuganiza kuti mayi wa Chigwirizano wamuitanira mowa! Nanga mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa mchere pamsika, amene amangosiyana pa kukweza ndi kutsitsa mawu? Wowerenga milomo amatola pang'ono, zotsalazo n'kumalumikiza yekha m'mutu, ndipo ntchito imeneyi imatopetsa ngati kulima tsiku lonse. Anthu akakhala asanu n'kumalandizana mawu, iye amasokonezeka: pamene akupeza amene akulankhula, nkhani yadumphira kale kwa wina. Ambiri amangogwedeza mutu n'kumwetulira kuti asatopetse anthu, ndipo akumvawo amachoka ali okhutira kuti uthenga wafika.

Andrew anali ndi mtolo wachiwiri. Masiku amenewo ku Alabama lamulo linkalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'mabasi ndi m'zipatala, ndipo ngakhale ana ogontha ankawalekanitsa. Iye anatumizidwa ku sukulu ya ana akuda ogontha ndi osaona m'tauni ya Talladega. Kumeneko anapeza zinthu ziwiri zimene kwawo kunalibe: ana ena onga iye, ndi chinenero cha manja chimene ankatha kuchezerana nacho popanda wotsalira. Koma sukuluyo inkalekezera pa giredi 6. Akuluakulu a nthawiyo ankaona kuti mwana wakuda wogontha safunika zoposa pamenepo.

Ali ndi zaka pafupifupi 17, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, anasamukira kumpoto, ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, kumene kunali achibale ake. Masana ankagwira ntchito pakati pa anthu akumva, usiku ankaphunzira. Mu 1950 analandira dipuloma ya zowerengera ndalama ndi kayendetsedwe ka bizinesi ku Detroit Institute of Commerce, ndipo maphunziro a sekondale anawamalizira pa positi mu 1951. Musadabwe kuti maphunziro a pa positi anamuyenera. Mphunzitsi wa m'kalasi amatembenukira ku bolodi akulankhulabe, ndipo wogontha amataya zonse zimene zanenedwa nkhope ili uko. Kalata sitembenuka. Pepala ndi cholembera zinakhala mlatho wake wofikira anthu akumva, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene moyo wake wonse analimbikira kuti mwana wogontha adziwe kuwerenga ndi kulemba. Mu Detroit momwemo, mu mpingo umene ankapempherako, anadziwa kudzera mwa mmishonale wochokera ku Jamaica za ogontha a kunja kwa America amene analibe sukulu, ndipo maganizo a umishonale anayamba kumera mwa iye.

Ku Washington kuli koleji ya ogontha yotchedwa Gallaudet, imene chilolezo chake anasaina Pulezidenti Abraham Lincoln mu 1864. Mungaganize kuti kumeneko wogontha aliyense ankalandiridwa ndi manja awiri. Ayi. Kwa zaka zambiri kolejiyo sinkalandira anthu akuda, ndipo Andrew anakanidwa kangapo. Pakati pa akuda anzake anali wogontha, pakati pa ogontha anzake anali wakuda. Anamulola kulowa mu 1951, maphunziro a zaka zinayi anawamaliza m'zaka zitatu, ndipo mu 1954 anakhala munthu wakuda woyamba kulandira digiri pa kolejiyo. Chaka chomwecho khoti lalikulu la America linagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma chifukwa cha khungu n'kosemphana ndi malamulo a dziko. Mu 1955 analandira digiri yachiwiri pa koleji imene lero imatchedwa Eastern Michigan University, kenaka ina ya za umishonale ku Seattle Pacific College. Makoleji awiriwa anali a anthu akumva, ndipo masiku amenewo womasulira wa manja m'kalasi chinali chinthu chosazolowereka.

Tsopano ndi munthu wamkulu, tiwatchule mwaulemu. A Foster anapita ku mabungwe otumiza amishonale kukadzipereka kuti apite ku Africa. Mabungwewo sanawalandire. N'zomvetsa chisoni kunena, koma amene anatseka khomo ulendo uno anali anthu a Mulungu, osati a boma. Iwo sanakhale pansi n'kumadandaula. Mu 1956 anayambitsa bungwe lawolawo ku Detroit, Christian Mission for Deaf Africans, limene pambuyo pake linadzatchedwa Christian Mission for the Deaf. Ndalama analibe, choncho anayamba kuyenda mpingo ndi mpingo kufotokoza za ntchitoyo. Taonani chithunzi chake: munthu wosamva ngakhale mawu a pakamwa pake, ataima patsogolo pa khamu la akumva, akupempha m'malo mwa ana amene sanawaonepo.

Anafika ku Ghana mu 1957, chaka chimene dzikolo linalandira ufulu wodzilamulira. Nthawi imeneyo sukulu za ogontha mu Africa monse zinali zochepa kwambiri, ndipo zambiri mwa izo zinali kumpoto kwenikweni kwa Africa ndi ku South Africa. Ku Accra, m'dera la Osu, a mpingo wa Presbyterian anawabwereka chipinda chophunzirira kuti azichigwiritsa ntchito ana akumva akaweruka. Anayamba ndi ophunzira 12. Mbiri itawanda, makolo anayamba kutulutsa ana amene ankawasunga kuseri kwa nyumba, ndipo kunabweranso akuluakulu ndithu amene anali asanagwirepo choko. Mu 1959 sukuluyo inasamukira ku Mampong, kumapiri a Akuapem, n'kukhala yogonera komweko.

Apa tichedwepo pang'ono, pakuti ndi pamene pali mtima wa ntchito yonse. A Foster anagontha ali ndi chinenero kale m'mutu mwawo. Ana ambiri amene ankabwera kwa iwo anabadwa ogontha kapena anagontha ali akhanda, ndipo analibe chinenero chilichonse. Mwana wotere amakhala ndi zizindikiro zochepa zimene anapangana ndi mayi ake: kudya, madzi, bwera, choka. Ndi zizindikiro zimenezi akhoza kutumidwa kumunda kapena kudambo, koma sangafunse chifukwa chimene agogo ake anawanyamula m'bokosi osabweranso. Sanganene amene anamupweteka. Ena amafika zaka 10 osadziwa kuti ali ndi dzina, ndiponso kuti anthu ena onse ali ndi maina. Akapsa mtima n'kuponya mbale timati ogontha ndi aukali mwachibadwa. Inu mutakhala zaka 10 muli ndi mawu mumtima opanda potulukira, mungakhale ofatsa? Mwana wotere akafika pakati pa ana anzake olankhula ndi manja, chinenero amachitola msangamsanga ngati nthaka youma ikamamwa mvula yoyamba. Chimene sukulu ya a Foster inkapereka choyamba si masamu ayi, koma anthu ocheza nawo.

Tibwerere kwathu kaye, chifukwa pa nkhani imeneyi mpingo wathu uli ndi mbiri yakeyake. Pa Magwero, pafupi ndi Chipata, pamene mishoni ya Dutch Reformed inayambira mu 1899, mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona mu 1905. Pamalo pomwepo, mu 1955, mayi Ella Botes anayambitsa maphunziro a ana ogontha, oyamba m'dziko lino, zaka ziwiri a Foster asanafike ku Ghana. Onani kuti onse awiri anali amayi. Sukulu ya ogontha ya pa Magwero ilipo mpaka lero, m'chigawo chathu chomwe chino cha Kum'mawa. Komabe m'midzi mwathu mukadali ana ogontha amene akuweta mbuzi anzawo ali m'kalasi, chifukwa pakhomo anagamula kuti ndalama ya ulendo ndi ya yunifolomu ipite kwa mwana wakumva.

Pa kaphunzitsidwe, a Foster anasambira mokwera mtsinje. Mu 1880 aphunzitsi a ogontha anasonkhana ku Milan, m'dziko la Italy, n'kugwirizana kuti ana ogontha aziphunzitsidwa kulankhula ndi kuwerenga milomo basi, manja ayi. Pafupifupi onse amene anagamula zimenezi anali akumva. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, m'sukulu zambiri za ku Ulaya ndi za m'maiko olamulidwa ndi azungu, mwana wopezeka akulankhula ndi manja ankalangidwa. Cholinga chinali choti wogontha afanane ndi akumva. Zotsatira zake zinali zoti ana ankatha zaka akuumba pakamwa mawu amene sanawamvepo, nzeru zina zonse zikudikira. A Foster, amene ankadziwa mbali zonse ziwiri m'thupi mwawo, sanaletse kulankhula kwa mwana amene angathe, koma anaika manja, kulemba zilembo ndi zala, ndi kuwerenga patsogolo. Ankaona kuti mwana amene ali ndi chinenero chake cholimba ndi amene amatha kuima bwino pakati pa akumva. Pa ichi, ifenso tikuona kuti analondola.

Mu 1959 anapita ku msonkhano waukulu wa ogontha a dziko lonse ku Wiesbaden, m'dziko la Germany. Kumeneko anakumana ndi mtsikana wogontha wa ku Germany komweko, dzina lake Berta Zuther. Berta anadzipereka ku ntchito ya mu Africa, ndipo awiriwa anakwatirana ku Nigeria mu 1961. Anabereka ana asanu, amuna anayi ndi wamkazi mmodzi. Amene mumafunsa ngati ogontha awiri angasunge banja, ngati angadziwe kuti khanda likulira usiku, yankho lake ndi banja limeneli. Wina wakuda wa ku America, wina mzungu wa ku Germany, zinenero za makolo awo zosiyana, koma m'nyumba mwawo munalibe wotsalira pa macheza. Mayi Foster sanali wongoperekeza. Ankaphunzitsa ndi kuyendetsa nawo ntchito ya bungwe uku akulera ana.

Kuchokera ku Ghana ntchito inalowa mu Nigeria, kumene sukulu ya ku Ibadan inatsegulidwa mu 1960, kenaka za ku Enugu ndi ku Kaduna. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 inafalikira ku maiko olankhula Chifalansa: Ivory Coast, Togo, Chad, Senegal, Benin, Cameroon, Central African Republic, Zaire (imene lero ndi Democratic Republic of Congo), Burkina Faso, Burundi ndi Gabon. Dziko lililonse linali ndi maofesi ake, zilolezo zake ndi akuluakulu ake ofunika kuwagwadira, onse akumva, ambiri mwa iwo asanaonepo wogontha wophunzira. Kungolowa kwa a Foster mu ofesi, atanyamula madigiri atatu ndi mapepala olembedwa bwino, kunali kale phunziro. Zinali zovuta kuti bwana anene kuti ogontha saphunzitsika pamene wogonthayo wakhala pampando patsogolo pake.

Nzeru yawo ina inali yosafuna kukhala mwini wa chilichonse. Akatsegula sukulu ankaphunzitsa aphunzitsi a m'dziko lomwelo, ambiri ogontha, n'kuwasiyira, iwo n'kupita kwina. Ku Ibadan kunali malo ophunzitsira aphunzitsi ochokera m'maiko osiyanasiyana. Ophunzira anzeru ankawathandiza kupita ku Gallaudet, koleji yomwe ija inkawakana. Mmodzi mwa iwo anali Seth Tetteh-Ocloo wa ku Ghana, amene anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa maphunziro ndiponso mtsogoleri wa ogontha m'dziko la kwawo. Mwana wogontha akaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wogontha amaona ndi maso ake kuti wogontha amakula, amakwatira, amalandira malipiro. Mwana amene sanaonepo wamkulu wogontha sadziwa kuti iye adzakhala chiyani.

Pali chimodzi chimene anthu ena amadandaula nacho pa ntchito yawo, ndipo n'choyenera kuchinena. Chinenero cha manja si chimodzi padziko lonse. Dziko lililonse lili ndi chake, monga mmene Chichewa chimasiyanirana ndi Chibemba, ndipo Zambia ili ndi chakenso. A Foster anabwera ndi cha ku America, ndipo lero zinenero za manja za ku Ghana, za ku Nigeria ndi za maiko ambiri olankhula Chifalansa zinachokera ku chimenecho. Koma m'malo ena munali kale zinenero za manja za eni dziko, ndipo zinayamba kuchepa mphamvu. Kufupi ndi mapiri a Akuapem omwe aja kuli mudzi wotchedwa Adamorobe, kumene kugontha kwakhala kukuyenda m'magazi kwa mibadwo yambiri. M'mudzi umenewu anthu akumva ambiri amadziwa kulankhula ndi manja, moti wogontha amagula, amagulitsa, amakangana ndi kuseka ndi anansi ake. Ana a kumeneko amene anapita kusukulu anabwerako ndi chinenero cha kusukulu, ndipo cha makolo chikutsalira kwa okalamba. Ichi n'chotayika ndithu. Koma mudzi umenewu ukutionetsanso china: pamene akumva aphunzira kugwiritsa ntchito manja awo, kugontha kumachepa kulemera.

A Foster anali mlaliki, ndipo pafupi ndi sukulu zawo ankayambitsa mipingo, Sande sukulu ndi misasa ya achinyamata ogontha. Vesi limene ankalikonda linali Yesaya 29:18, lonena za tsiku limene ogontha adzafikiridwa ndi mawu a m'buku. Chifukwa chiyani panafunika mapemphero a ogontha paokha? Khalani m'tchalitchi Lamulungu likudzali mutatseka makutu m'maganizo mwanu. Abusa ali kutali pa guwa, milomo yawo siioneka. Kwaya yaimirira, anthu akugwedezeka, inu simukudziwa kuti ndi nyimbo iti. Pa pemphero onse aweramitsa mitu n'kutsinzina, ndipo inu mukatsinzina nawo mwatsala nokha mumdima, osadziwa kuti Amen wanenedwa liti. Zolengeza zapita. Maola awiri kapena atatu atha, mwangolandira moni wa pakhomo. Werengani Marko 7:31-37 muone mmene Ambuye anachitira ndi munthu wogontha: anamuchotsa pa chipwirikiti cha khamu, anakhala naye payekha, ndipo asananene liwu anamusonyeza ndi zala zimene ankafuna kuchita.

Inu alangizi, nkhani iyi ikukukhudzani koposa ena onse. Chilangizo chathu chimaperekedwa pakamwa. Mtsikana wogontha akatha msinkhu amakhala nawo m'nyumba ya chilangizo, anzake akumva zonse, iye akungoona milomo ikuyenda. Amatuluka ngati wolangizidwa, koma sanauzidwe za thupi lake, za matenda, kapena za ufulu wake wokana mwamuna. Anthu oipa amadziwa kuti mtsikana wotere savuta kumuchita chipongwe, pakuti ngakhale afike kwa anyakwawa kapena ku polisi, adzasowa womumasulira. Chimodzimodzi ku sikelo ndi ku chipinda chochilira, kumene malangizo onse a anamwino ndi a pakamwa. Zambia ili ndi lamulo la anthu olumala la chaka cha 2012, kuli bungwe la ogontha la Zambia National Association of the Deaf, ndipo pa nkhani za pa TV mumaona womasulira pakona. Koma lamulo silingalowe m'nyumba ya chilangizo kwa Zingalume. Amene amalowamo ndi inu.

Zofunika pocheza ndi wogontha si zodula. Mugwireni paphewa kapena kwezani dzanja kuti akuoneni musanayambe. Kuwala kukhale pankhope panu, osati kumbuyo kwanu, ndipo chitenje chichoke pakamwa. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza milomo n'kukuonetsani ngati mwakwiya. Ngati amadziwa kuwerenga, mulembereni vesi ndi nambala ya nyimbo, ngakhale pansi ndi chala, ndipo masiku ano uthenga wa pa foni wafupikitsa mtunda kwambiri. Akabwera ndi mbale wake, yang'anani iyeyo polankhula, osati mbaleyo. Ndipo mwana wa ku Magwero akabwera ku holide, mupempheni akuphunzitseni moni ndi maina a zinthu. Adzaseka mmene zala zanu zikulimbira, ndipo aka mwina kadzakhala koyamba kuti pabwalo paseke anthu iye akudziwa chimene chikuseketsa.

Mu 1970 koleji ya Gallaudet inapatsa a Foster digiri yaulemu ya udokotala. Iwo anapitiriza kuyenda, miyezi ina ku America kukapempha thandizo, miyezi ina mu Africa kuyendera sukulu, pa malole, pa mabasi ndi pa ndege zing'onozing'ono. Pa 3 December 1987 ndege yaing'ono imene anakwera pa ulendo wopita ku Kenya inagwa m'dziko la Rwanda, ndipo anamwalira pa ngoziyo ali ndi zaka 62.

Mayi Berta Foster anapitiriza ntchito ya bungwe lija kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira mu 2018. Mu 2004 Gallaudet, imene tsopano ndi yunivesite, inatcha holo yake ina dzina la Andrew Foster, ndipo bungwe la ogontha akuda a ku America linaikapo chosema cha nkhope yawo. Ku Mampong ana ogontha akuphunzirabe mpaka lero, ndipo kulinso sukulu ya sekondale ya ogontha imene imalandira ophunzira ochokera m'zigawo zonse za Ghana.